Nyumba ndi boti ku Siavonga: patapita chaka ndi miyezi, ndinganene chiyani?

Makaniko wa ku Matero mu Lusaka wandibwezera injini ya boti sabata yatha, pamodzi ndi pepala la ndalama lomwe landichititsa kukhala kaye pansi. Sabata yomweyo alamu anga a ku Chelstone mu Lusaka momwemo, omwe atsala pang'ono kupuma pantchito, anandifunsa kuti, "Alamu, nanenso ndikufuna malo a nyengo yabwino, osatentha osazizira, poti m'mawa ndizikwera boti. Ndigule pafupi nanu?" Ndiye ndati ndilembe zonse pano, ena omwe ali ndi maganizo ngati amenewa awerengeko.

Kanyumba kanga ka ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba, ndinakagula pakati pa 2023, nditaphatikiza zomwe ndinasunga ndi 20 peresenti ija a NAPSA, bungwe la penshoni, anayamba kulola anthu kutapa chaka chimenecho. Mdala amene ankagulitsa anaphatikiza zonse pamtengo umodzi: nyumba ya zipinda ziwiri, boti la fayiba la mtundu wa banana, injini ya 40 hp ya two-stroke (yogwiritsa ntchito petulo wosakaniza ndi oyilo), ndi ngolo yokokera boti yomwe anati ili kwa mwana wawo, ibwera.

Zabwino ndizinena mwachidule. Denga silidontha. Boti lenilenilo ndi lolimba, silinalowepo madzi. Ulendo ndi wotheka: makilomita pafupifupi 200 kuchokera mu Lusaka, kudzera ku Kafue, kutsika mapiri a msewu wa Chirundu kumbuyo kwa malole, kenako kukhotera ku Siavonga, maola atatu ngati palibe lole yomwe yagona pakona. Nsomba ziliko, tiger akagwira mbedza mkono umadziwa. Usiku nyali za maboti a kapenta zimadzaza nyanja, ndipo ana anga amasiya mafoni kuti aziwerenge.

Za nyengo, alamu, apa musanamizidwe. Ine ndinakaona malowo mu Juni, kamphepo kakuwomba, dzuwa lofunda bwino, m'mawa wopanda chisanu chija chimatiluma mu Lusaka. Mdalayo anati, "Kuno ndi chonchi, bwana." Inde ndi choncho, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Koma Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe Kariba ili pansi m'chigwa cha Zambezi, mamita osafika 500. Kusiyana kumeneko mumakumva m'thupi Okutobala akafika. Masana kutentha kumayandikira madigiri 40, usiku makoma amabweza moto wonse womwe anamwa masana, ndipo mumagona mutanyowetsa chitenje. Mu 2024 zinafika poipa chifukwa malaiti ankapita maola 17 kapena kuposa patsiku, fani ili duu, filiji yasanduka kabati. Chowawa n'chakuti khoma la damu lomwe limapanga malaitiwo lili pafupi pomwepo. Amayi a kunyumba anangoti miyezi yotentha sapondako, ndipo sindinawatsutse.

Koma chomwe chandidya ndalama ndi mtima si kutentha, ndi madzi kuthawa. Nyanja ya Kariba si yachilengedwe, ndi damu lomwe linamalizidwa mu 1959, ndipo mlingo wake umakwera ndi kutsika malinga ndi mvula ya kumtunda kwa Zambezi komanso madzi omwe akugwiritsidwa ntchito popanga magetsi mbali ya Zambia ndi ya Zimbabwe. A Zambezi River Authority, bungwe loyang'anira damuli, amasunga mlingo wa madzi pakati pa mamita 475.5 ndi 488.5 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Kusiyana kwa mamita 13 kumaoneka kochepa papepala, koma pagombe losatsetsereka ngati langa, madzi akatsika mita imodzi amabwerera mtunda wautali. Chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko, chinatsitsa nyanja kufika pafupi ndi mlingo wapansiwo. Pomwe ndinkamangirira boti pamene ndinkagula, mbuzi za aneba zinayamba kudyapo msipu.

Mavuto a injini anachokera pamenepo. Injini ya boti imadziziziritsa ndi madzi a m'nyanja omwe imakoka pansi pa mwendo wake, pafupi ndi propela. Mkati muli kafani ka labala, amakatcha impela, kamene kamakankhira madziwo m'mwamba, ndipo chizindikiro choti zonse zili bwino ndi kamzere ka madzi kotuluka kumbuyo. Tsiku lina tili kutali ndi gombe ndi mnyamata amene amandisungira malo, kamzere kaja kanayamba kudontha, kenaka kanasiya. Injini inayamba kununkha. Tinazimitsa n'kupalasa ndi nkhafi, mvuu zikufwenthera chapatali, mnyamatayo akungoti, "Abwana, musayang'ane uko, palasani." Makaniko wa konko anatsegula n'kupeza mapiko a impela atadyeka. Anaika yatsopano, ndinalipira, nkhani ndinaiyesa yatha.

Sipanapite nthawi, zomwezo. Anasinthanso. Atatero anandiuza kuti vuto ndi matope ndi mchenga: madzi atatsika, polowera pathu panasanduka posaya, ndiye injini ikalizidwa pamenepo imamwa mchenga womwe umapala labala uja. Malangizo ake anali oti tizikweza injini, tikankhe boti ndi mtengo mpaka pakuya, ndiye tilize. Tinatsatira, ngakhale kuti kuyenda m'matope ofika m'mawondo pamalo pomwe ng'ona zimaothera dzuwa si masewera. Impela inathabe. Apa m'pamene ndinainyamula injiniyo pa motoka kubwera nayo ku Lusaka. Wa ku Materoyu atamasula mwendo wonse anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Kabokosi komwe impela imazunguliramo kanali kokandikakandika mkati, kambale kachitsulo ka pansi pake katakumbika, ndipo m'mbali munali zomatira zakale zomwe wina anapakapo kuti madzi asathawe. Anati, "Amdala, izi sizachaka chino. Mukanaika impela khumi, zonse zikanathera momwemu." Anasintha pampu yonse ya madziyo, ndi thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, yomwe inali itauma. Zipangizo anachita kuitanitsa kunja, ndipo ndi momwe dola inakwerera, ndalama yomwe ndalipira ikanandigulira ngolo yatsopano.

Onjezani pamenepo ndalama ya mafuta. Thanki ya malita 25 imafuna theka la lita ya oyilo wa two-stroke, ndipo mukathamangitsa boti mwamphamvu simatha maola awiri. Mtengo wa petulo umatha kusintha mwezi ndi mwezi, ndiye bajeti ya boti siikhazikika. Pansi pa madzi palinso mitengo yomwe inamira damu likudzaza, yolimbabe mpaka lero, ndipo madzi akatsika nsonga zake zimadikira propela. Mu Ogasiti ndi Seputembala mphepo imadzutsa mafunde mwadzidzidzi, boti laling'ono limafuna kubwerera msanga.

Ndiye alamu ndawayankha kuti zinthu ziwiri zomwe akufunazo ku Siavonga sizikhalira pamodzi chaka chonse. Nyengo yofatsa ali nayo kale ku Chelstone komweko. Akafuna madzi pafupi, mtsinje wa Kafue uli makilomita osafika 50 kuchokera m'tauni, kungoti namasupuni amatseka njira nthawi zina. Akafuna zonse ziwiri, akaone ku Samfya pa nyanja ya Bangweulu, komwe n'kokwera kuposa mamita 1,100 ndipo mchenga wake ndi woyera, koma ndi ulendo wa tsiku lathunthu ndipo zidzukulu sizidzabwera Loweruka lililonse. Akalimbikira Siavonga, achite lendi mwezi wa Okutobala wathunthu asanatulutse ngwee, afunse asodzi pomwe madzi anafika mu 2024, ndipo injini iliyonse yogwiritsidwa kale ntchito itsegulidwe mwendo pamaso pawo.

Kodi ndikudandaula? Zimatengera tsiku lomwe mwandifunsa. M'mawa wa Julayi, nyanja ili bata, tiyi ali m'fulasiki, simungandigule malowo ndi ndalama iliyonse. Sabata ino, risiti ya makaniko ili m'thumba, mukabwera ndi mtengo womwe ndinagulira ndikhoza kukupatsani makiyi.

Mdala wogulitsa uja ndinamuimbira n'kumuuza za zomatira zija. Anayamba ndi kuseka, akuti injini inali bwino pomwe ankandipatsa, ndipo nyanja sanaiphwetse ndi iye. Pa nyanjapo akunena zoona. Pa zomatira anangoti mwina ndi mnyamata wake wakale. Mapepala a nyumba anandithandiza bwino mpaka dzina linasinthidwa, pamenepo sindimunenera zoipa. Koma ngolo ija mpaka lero sinafike: poyamba inali kwa mwana wawo ku Kafue, kenako matayala anaphulika, tsopano akuti ili ku Mazabuka. Ndamuuza kuti asankhe chimodzi, andibweretsere ngoloyo kapena andibwezere theka la ndalama ya pampu, ndipo wavomera za theka kumapeto kwa mwezi. Uthenga wake wa pa WhatsApp ndausunga, ndipo tsiku la 30 ndimuimbiranso.