Kuyambira ku Auschwitz kapena ku 1933?

Pophunzitsa za kuphedwa kwa Ayuda ndi chipani cha Nazi cha ku Germany, mphunzitsi wina amayamba ndi Auschwitz, msasa wopherako anthu umene chipanichi chinakhazikitsa ku Poland: zipinda za mpweya wapoizoni, milu ya nsapato, Ayuda 6 miliyoni ophedwa ku Ulaya. Ana amachita kakasi, koma ambiri amatuluka m'kalasi akuganiza kuti anachita izi ndi zilombo, osati anthu wamba.

Wina amayamba ndi 1933, pamene chipani cha Nazi chinauza anthu ku Germany kuti asagule m'masitolo a Ayuda. Kenako malamulo a Nuremberg a 1935, owalanda unzika. Kenako Novembala 1938: masunagoge kutenthedwa, ana achiyuda kuthamangitsidwa m'sukulu za boma. Njira iyi imadya milungu, komabe ndimaikonda. Mwana amadzifunsa yekha kuti, nanga mnzake wa mwana wachiyuda, wokhala naye desiki limodzi, anati chiyani? Za Auschwitz ndingaphunzitse pambuyo pake.