Kagalimoto ka mipando iwiri kandigwira mwendo ku Blantyre

Amayi, achimwene ndi nonse ku Ntcheu, mwakhala mukufunsa chimene chikundiletsa kubwera. Sindikudwala ayi. Chandigwira mwendo ndi chiphakasa chimene chinafika pagalaja pathu, chakuno ku Ginnery Corner, chitakwezedwa palole, matayala onse ataphwa.

Dzina lake ndi MGB, ya 1972, yopangidwa ku Abingdon m'dziko la England. Mtundu umenewu anaupanga kuyambira 1962 mpaka 1980. Mipando iwiri basi, denga lansalu, ndipo n'njachifupi moti ukakhalamo umakhala ngati wakhala pamphasa. Tsiku loyamba ndinaseka. Galimoto yosatha kunyamula matumba awiri a mbatatesi kuchokera ku Tsangano, munthu n'kuitayira ndalama? Koma mwini wake akuti inali ya malemu bambo awo, ndiye ndinatseka pakamwa.

Bwanawo anabwera ndi maganizo amodzi: injini yaikulu. Yomwe ilimo ndi ya 1798cc, masilinda anayi, makabureta awiri a kampani ya SU. Iwo akufuna V8 ya Rover, injini ya masilinda 8, ya 3528cc, yonga ija ya m'ma Range Rover akale. Si misala, chifukwa fakitale nayo inachitapo zimenezi pakati pa 1973 ndi 1976 pa MGB GT, ya denga lachitsulo. Chondidabwitsa n'choti V8 ija, poti ndi ya aluminiyamu, siilemera kuposa kainjini kachitsulo kamene kalimoka.

Madala amene amandiphunzitsa ntchito sanatsutse. Anangotenga sikuludiraiva, n'kugwada, n'kubaya m'munsi mwa chitseko. Inalowa ngati akubaya papaya lakupsa. "Bwana," anatero, "mukufuna kufolera malata pakhoma lodyedwa ndi chiswe?"

Apa mpomwe pali nkhani yonse. Galimoto iyi ilibe chesesi chapadera ngati lole kapena pikiapu. Bodi yakeyo ndiyo imanyamula zonse, ndipo msana wake ndi zitsulo zopingasa m'munsi mwa zitseko zija. Zikadyedwa ndi dzimbiri, galimoto imawerama pakati, zitseko n'kuyamba kukana kutsekeka. Ndiye tisanadule kalikonse tiyenera kuwotcherera zitsulo zochirikiza pamakomo, apo ayi idzapindika ili pajeke. Pansi poponda mapazi paboola, pamalo a mabatire napo padyeka. Inde, mabatire: ili ndi awiri a 6 volts, obisika kuseri kwa mipando. Ndinawafuna m'boneti mpaka thukuta, anzanga akundiseka.

Milungu itatu tsopano sitinalize injini. Tikungomasula, kujambula pafoni, kuika mabauti m'timapepala ta pulasitiki n'kulembapo. Ngakhale masipanala anga sakugwira, poti mabauti ake ndi a mainchesi, osati mamilimita ngati a Toyota. Ndinayenda msika wa Ndirande tsiku lathunthu kusaka sipanala ya hafu inchi.

Mukope la madala ntchito yaima chonchi: bodi kaye, kenako mabuleki ndi miyendo, mawaya onse atsopano, penti, injini pamapeto. Pa injinipo mkangano sunathe. V8 ikufuna giyabokosi ina, ledieta yaikulu yosunthira kutsogolo, kusintha magiya a difu, komanso kudula pang'ono m'chipinda cha injini. Madala akuti tiboole masilinda a injini yomwe ilimoyi ifike cha m'ma 1950cc, tiike mipando yolimba ya mavavu poti petulo wa masiku ano alibe mtovu, tikonze makabureta, basi. Ine ndili mbali ya madala. Ndi mizere ya mafuta ija timaiona pamafilingi siteshoni, masilinda 8 adzamwa chiyani? Komanso mahampu a m'tauni muno, galimoto yogwa pansi chonchi idzathamangira kuti?

Masipeya ambiri ngochokera ku England kapena ku Johannesburg, kudzera pa Mwanza, ndipo vuto la ndalama zakunja mukulidziwa. Malabala a magalasi okha tikudikirabe.

Bwana akuti ikatha adzandinyamula ulendo wa ku Thyolo, denga litatsitsidwa, kudutsa m'minda ya tiyi. Sindikuwerengera masiku. Ya feteleza ndatumiza pa Mpamba kwa achimwene, ndipo Loweruka tikuyamba kudula mbali ya kumanzere.