Ford Mustang GT ya 2005 mpaka 2010: zimene zimatuluka ukakhala nayo chaka

Mwezi woyamba, Mustang GT yakale sionetsa vuto. Injini yake ya V8 ya malita 4.6, ya mahatchi 300 (315 pa ya 2010), imalira mokoma ndipo imakoka bwino, moti wogula amangoti ndapata. Zenizeni zimayamba kutuluka mvula ikagwa, kenako tsiku losintha mapulagi. Tikunena za mtundu wa S197 umene unkapangidwa ku Flat Rock, ku Michigan, ndipo lero ngakhale ya 2010 yadutsa zaka 15. Zitsulo zake zikuluzikulu n'zolimba. Zimene zimadya ndalama ndi tinthu ting'onoting'ono timene mwini wake woyamba ankangotizengereza.

Tiyambe ndi mapulagi, chifukwa ndi pamene amakaniko osaidziwa galimotoyi amawononga zinthu. Pa injini za 2005 mpaka chakumayambiriro kwa 2008, pulagi iliyonse ndi ya zigawo ziwiri. Chigawo cham'munsi n'chachitali ndipo chimalowa m'kabowo kothina, mmene mwaye umaunjikana n'kuchigwira. Ukapotokola mwamphamvu, chapamwamba chimatuluka, cham'munsi n'kutsalira mu hedi, chigawo chapamwamba cha injini. Kuti mudziwe injini imene muli nayo, zulani koyilo imodzi, kachipangizo kovala pamwamba pa pulagi, muone mphira wake: mphira wakuda ndi hedi yakale yovutayo, wabulauni ndi yatsopano imene mapulagi ake sathyoka.

Ford inatulutsa ndondomeko yake yomasulira mapulagiwa. Injini ikhale yozizira. Uzirani mphepo m'dzenje la pulagi kuti mchenga uchoke, masulani pulagi pang'ono chabe, osapitirira kota ya kuzungulira kumodzi, thirani mankhwala otsukira kabureta okwana theka la sipuni yaing'ono, ndiye mudikire mphindi 15 kapena kuposerapo. Mukatero muzimasula n'kubweza, kumasula n'kubweza, ndi dzanja. Kulira kwa kwiii kusakuopseni. Ngakhale mutsate zonsezi, imodzi kapena ziwiri mwa zisanu ndi zitatuzo zikhoza kuthyoka ndithu, choncho musayambe ntchitoyi mulibe chida chozulira chotsaliracho, monga Lisle 65600. Popanda chidachi anthu amafika pochotsa hedi yonse, ndipo ntchito ya tsiku limodzi imasanduka ya sabata. Pomanga zatsopano, pakani anti-seize wa nickel, mankhwala oletsa zitsulo kumatirirana, pa chigawo chosalala cham'munsicho osafikitsa kunsonga, ndipo mangani pa 34 Nm. Buku la galimotoyi limati mapulagi amatha mamailosi 100,000. Musadikire mpaka pamenepo.

Madzi ndiye mdani wachiwiri, ndipo amabwera mwakachetechete. Pansi pa galasi lakutsogolo pali mpata umene madzi amvula amadutsamo n'kutulukira m'timabowo tokhala ndi mphira. Masamba ndi fumbi zikatseka timabowoto, madzi amadzaza, amasefukira pa fyuluta ya mpweya wam'kati n'kutsikira kumapazi kwa wokwera kutsogolo. Pomwepo m'pamene pali bokosi la mafyuzi lotchedwa Smart Junction Box, limene limalamula magetsi, maloko, mawindo ndi zina. Likanyowa, nyali zimayaka zokha, maloko amadzitseka, batire limapezeka lakufa m'mawa. Ambiri amagula batire latsopano kaye asanaganize zogwira kapeti. Bokosi lina likagulidwa limafuna kulowetsedwa pulogalamu pa kompyuta, pamene kupewa kwake n'kungochotsa pulasitiki ya pansi pa mawaipa n'kutsegula timabowoto mvula isanayambe, ntchito ya theka la ola.

Za oyilo pasakhale kunyengerera. Injiniyi imamwa malita 5.7 a 5W-20, ndipo fyuluta yake ndi Motorcraft FL-820S, imene ili ndi vavu yoletsa oyilo kutsika injini ikazima. Magiya otchedwa cam phaser, amene ali pamakamu (zitsulo zotsegula mavavu a injini), amayendetsedwa ndi mphamvu ya oyilo, kudzera m'timasefa tating'ono kwambiri ta masolenoidi. Oyilo wakuda amatitseka. Phokoso lake lili pawiri, ndipo ndi bwino kulisiyanitsa. Kukhokhoma kwa masekondi ochepa polizitsa m'mawa kumaloza ku matenshona okunga tcheni cha injini, amene ndi apulasitiki ndipo chotsekera oyilo chake chikaphulika amataya mphamvu. Kugogoda ngati injini ya dizilo pamene yatentha ndipo yangoima, kumene kumatha ukaponda moto, kumaloza ku ma cam phaser. Mukatsegula kutsogolo kwa injini sinthani zonse kamodzi: matcheni awiri, magaidi, matenshona, ma cam phaser awiri ndi masolenoidi awiri. Kusintha chimodzi n'kulipira makaniko kawiri. Kuthira oyilo wolemera kwambiri kuti phokoso lichepe kumangobisa matenda. Pa injini ya zaka zotere, oyilo asapitirire makilomita 8,000.

Pali msampha wina umene umaseketsa ukauzindikira. Kompyuta ikaonetsa nambala ya vuto P0340, aliyense amathamangira kugula sensa ya kamu. Kawirikawiri wolakwa ndi alitaneta: dayodi yake ikapsa, imasokoneza magetsi amene sensayo imatumiza. Yezetsani alitaneta musanagule kanthu.

Zam'munsi sizovuta kumvetsa. Kugogoda kutsogolo podutsa pokumbika kumachokera ku ma ball joint ndi mabushi a mikono yam'munsi, kapena ku zogwirizira mashoko kumtunda, ndipo kuyenera kusinthidwa mbali zonse ziwiri. Kumbuyo kuli ekisero imodzi yathunthu ya mainchi 8.8, yolimba kwambiri, imene imangofuna oyilo wa 75W-140 ndi chowonjezera chotchedwa friction modifier. Mukaiwala chowonjezeracho, idzachita phokoso pokhota. Giyabokisi yamanja ndi Tremec TR-3650 ya magiya asanu. Imauma polowa giya yachiwiri kukazizira, ndipo ikayamba kukukuta ndiye kuti masinkuro, timaring'i tothandiza magiya kulowa bwino, apita. Silinda ya kilachi ili m'kati mwa nyumba ya giyabokisi, choncho ikadontha giyabokisi yonse iyenera kutsika. Posintha kilachi, isinthidwe limodzi ngakhale ikuoneka yabwino.

Zina n'zongonyansa m'maso. Boneti ndi ya aluminiyamu ndipo penti imatupa m'mphepete mwakutsogolo. Chikopa cha pazitseko chimamatuka dzuwa likachiwomba. Pa zoyambirira, mivi ya pa dashibodi imanama chifukwa timamota take timafa, ndipo thanki imakana petulo pothira, pampu n'kumangodula. Chimodzi chokha sichonyansa chabe koma n'choopsa: ma Mustang a zaka zimenezi ali m'gulu la galimoto zimene zinaitanidwa chifukwa cha ma airbag a Takata, amene amatha kuphulitsa tizitsulo kumaso. Fufuzani ndi nambala ya chasisi (VIN) ngati anasinthidwa, makamaka pa galimoto imene inachoka ku America kalekale.

Ndalama ya mwezi ndi mwezi ili pa petulo. M'tauni yembekezerani malita 15 kapena 16 pa makilomita 100, pamsewu wautali 10 kapena 11 ngati phazi lili lofatsa. Thanki yake ya malita pafupifupi 61 siidutsa kwenikweni makilomita 400 m'tauni, ndipo woyenda makilomita 1,000 pamwezi akonzekere malita 150. Chotonthoza n'chakuti sifuna petulo wapadera. Matayala akumbuyo amatha msanga kuposa akutsogolo, chifukwa chake aliyense akuchidziwa. Ku America masipeya ake ndi osasowa komanso otsika mtengo poyerekeza ndi a galimoto zothamanga za ku Ulaya, koma ubwino umenewu umathera padoko. Kwa amene ali ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg, mtengo wotumizira ndi msonkho zikhoza kuposa sipeya yeniyeniyo, ndipo galimoto imakhala pamiyala kudikira katundu. Komanso S197 inatuluka m'fakitale ndi chiwongolero chakumanzere chokha. Za chiwongolero chakumanja zinayamba ndi mtundu wa 2015. Malamulo olembetsera galimoto yotere amasiyana dziko ndi dziko, choncho funsani musanalipire.

Pokaona yogula, pemphani kuti musaipeze italizidwa kale. Ilizeni nokha ili yozizira, mvetserani masekondi asanu oyamba, gwirani kapeti yakumanja, ndiye muzule koyilo imodzi muone mtundu wa mphira wake.