Ndemanga: bokosi la zakumwa za ku Ukraine, Russia ndi mayiko oyandikana nawo

Ndinaitanitsa bokosili pa intaneti kuchokera ku sitolo ina ya kuno ku England imene imagulitsa zakudya za kum'mawa kwa Ulaya, ndipo ndadikira milungu 6 ndisanalembe ndemangayi chifukwa ndinafuna kuti lilime liyambe lazolowera. Amene anandichititsa kugula ndi mayi wina wa ku Ukraine amene timagwira limodzi ntchito panyumba yosamalira okalamba. Usiku wina pa nthawi yopuma anandiona ndikumwa thobwa limene ndinaphika ndekha, ndipo atalawa pang'ono anaseka n'kunena kuti kwawonso kuli chakumwa cha chimera chimene sichinafike pokhala mowa. Dzina lake ndi kvas. Anandilembera papepala mayina a zakumwa zina zimene anakula nazo, ndipo ine ndinangotenga pepalalo n'kugula zonse: kvas wa mitundu iwiri, kefir, ryazhenka, zipatso zouma zophikira uzvar, mors, kisel waufa, madzi a mtengo wa birch, tarkhun ndi madzi a Borjomi. Zonse pamodzi ndi mtengo wobweretsera ndinalipira mapaundi 41.

Ndiyambe ndi kabweretsedwe, chifukwa ndi pamene sitoloyi inandikhumudwitsa. Analonjeza masiku awiri koma katundu anafika tsiku lachitatu madzulo, madzi oundana amene anaikamo kuti zamkaka zisatenthe atasungunuka kale. Botolo limodzi la kvas linali litatupa mpaka pansi pake patabulungika, moti silinkatha kuima patebulo. Nditangopotokola chitsekero, thovu labulauni linathovoka n'kukhavukira pansalu ya patebulo, pakhoma ndi pamalaya anga a kuntchito amene ndinali nditangosita kumene. M'botolomo munatsala kvas wosakwana kapu imodzi. Ndinawatumizira chithunzi, ndipo kunena zoona anayankha tsiku lomwelo mwaulemu n'kunditumizira botolo lina popanda kulipiritsa. Komabe chakumwa chimene chikadali chamoyo sichiyenera kugona m'galimoto masiku atatu, ndipo anthu amene ntchito yawo ndi kugulitsa zimenezi anayenera kudziwa zimenezo kuposa ine.

Ngozi imeneyi ndi imene inandiphunzitsa kusiyanitsa mitundu iwiri ya kvas ija. Kvas weniweni amapangidwa kuchokera ku buledi wakuda wa tirigu wa mtundu wa rye, kapena ku chimera cha rye ndi balere, ndipo amamusiya kuti asase. Yisiti imadya shuga n'kutulutsa mpweya ndi kamowa pang'ono, pamene tizilombo tina tofanana ndi timene timasasitsa mkaka timamupatsa kuwawasa kwake. Amene anaphulika uja anali wotero: wosasefa, wokhala ndi nsenga pansi, wosungidwa m'firiji, ndipo masiku ake ogwiritsira ntchito anali ochepa. Botolo lachiwiri lolowa m'malo lija litafika bwinobwino, ndinamva fungo la khoko la buledi wopserera pang'ono, kukoma kwake kuli pakati pa kutsekemera ndi kuwawasa, ndipo ludzu linatha ndi kapu imodzi yokha. Ndi wopepuka kuposa thobwa, alibe misere yotafuna, ndipo sakhutitsa, choncho amene akufuna chakumwa cholowa m'malo mwa chakudya cham'mawa asayembekezere zimenezo. Koma ubale wake ndi thobwa lagonera umamveka ndithu kukhosi.

Mtundu wachiwiri unali m'botolo lalikulu la malita 1.5, lokongola, la zilembo zagolide, lotha kukhala pashelefu miyezi yambiri. Nditawerenga kapepala ka Chingerezi kamene anamata pamwamba pa zilembo za Chirasha ndinapeza kuti muli madzi, shuga, madzi achimera owiritsa mpaka kukhuthala, mtundu wa shuga wowotcha ndi mpweya wochita kupopera. Sanasase n'komwe. Ndi chakumwa chozizilitsa kukhosi wamba chimene anangochipatsa fungo la buledi, ndipo chimasiya mkamwa muli nete ndi shuga. Mnzanga uja atachilawa anangopukusa mutu. Anandiuza kuti ali mwana, m'nyengo yotentha kvas ankagulitsidwa m'misewu kuchokera m'matanki achikasu okhala ndi mateyala, mayi wovala chovala choyera ali pampando pambali pake, ndipo anthu ankabwera ndi zigubu za malita 3 kudzagula wokaphikira okroshka, msuzi wozizira wa nkhaka, mbatatesi, mazira ndi nyama umene amathiramo kvas. Ndinayesa kupanga msuziwo ndi kvas wotsekemerayu, ndipo sunadyeke. Umafuna wowawasa.

Pali nkhani imodzi imene sitoloyi sinafotokoze momveka ndipo ndikuona kuti ikanayenera kutero. Zakumwazi anaziika pa gulu la zopanda mowa, ndipo ndi mmenenso eni ake amazionera, moti ngakhale ana amamwa. Koma kvas wosasa amakhala ndi kamowa kochepa, ndipo muyezo wa ku Russia umalola mpaka 1.2 peresenti. Munthu sangaledzere naye, koma kwa amene chipembedzo chawo sichilola ngakhale dontho, kapena amene anasiya mowa pa zifukwa za umoyo, ndi bwino adziwe asanagule. Ifenso timadziwa kuti thobwa likagona masiku angapo limayamba kusintha khalidwe. Kvas ndi chakumwa chakale kwambiri kum'mawa kwa Ulaya: mbiri yolembedwa ya ku Kyiv imanena kuti m'chaka cha 996 mfumu Vladimir inalamula kuti anthu osauka agawiridwe chakudya, uchi ndi kvas m'migolo. A ku Lithuania amachitcha gira, a ku Estonia kali, ndipo a ku Poland kwas chlebowy, mayina amene angakuthandizeni ngati sitolo yapafupi ndi kwanu ili ya anthu a mayiko amenewo.

Zimene zinandigwira mtima kwambiri m'bokosi lonseli ndi zamkaka. Kefir ndinkamuona kale m'masitolo akuluakulu a kuno, wothiridwa zipatso ndi shuga, koma uyu anali wopanda kanthu kalikonse, wa mafuta 2.5 peresenti, wowawasa ndiponso woluma pang'ono palilime. Anachokera ku mapiri a Caucasus, ndipo amamusasitsa ndi timibulu toyera tooneka ngati maluwa a kolifulawa, mmene mumakhala tizilombo tosasitsa mkaka pamodzi ndi yisiti. Yisitiyo ndi imene imamusiyanitsa ndi yogati komanso chambiko, chifukwa imamupatsa kampweya koluma kaja. Ndi wamadzimadzi kuposa chambiko, womwa ndi kapu osati kudya ndi supuni. Ndakhala ndikumwa kapu imodzi ndikaweruka ntchito yausiku, monga amachitira ambiri kumeneko asanagone, ndipo sanandivutitse m'mimba ngakhale kuti mkaka wamba umandivuta. Sindikunena kuti ndi mankhwala, ndikungofotokoza zimene zinandichitikira ineyo.

Ryazhenka ndiye sindinkamudziwa n'komwe, ndipo tsopano ndi amene ndimamusowa akatha. Mkaka amayamba auika pamoto wapansipansi kwa maola angapo, uli pafupi kuwira koma osabwadamuka, mpaka utasanduka wa mtundu wa tiyi wamkaka ndi kuyamba kununkhira ngati shuga wowotcha, kenako ndi pamene amausasitsa. Kale m'midzi ya ku Ukraine ankachita zimenezi m'miphika yadothi imene ankaisiya usiku wonse mu uvuni wa m'nyumba moto utazilala. Zotsatira zake ndi chakumwa chokhuthala, chosalala, chosawawasa kwambiri, chimene chimamveka ngati chotsekemera pamene mulibe shuga wothira. Mwana wanga wa zaka 9, amene anakana kefir atangomununkhiza, anamaliza botolo la ryazhenka m'masiku awiri n'kufunsa lina. Mnzanga uja anandiuza kuti m'nthawi ya Soviet Union mabotolo agalasi a zamkaka analibe mayina akuluakulu, koma ankawazindikira ndi mtundu wa kachitsekero: kasiliva kanali ka mkaka, kobiriwira ka kefir, ndipo kapinki ka ryazhenka. Ana ankatumidwa kusitolo pongouzidwa mtundu.

Paketi ya zipatso zouma inali yotsika mtengo kuposa zonse koma inandipatsa chakumwa chochuluka kuposa zonse. Munali maapozi odulidula, mapulamu ndi zipatso zimene Azungu amati pear, zomwe si mapeyala athu aja, zoumitsidwa pautsi mpaka kuda ndi kukwinyika. Papaketipo panalibe malangizo alionse m'Chingerezi, cholakwika china chimene ndikuchiwerengera sitoloyi. Poyamba ndinaziwiritsa nthawi yaitali ngati nyemba, ndipo zinaphwanyika n'kutulutsa madzi amatope owawa utsi. Nditakafotokoza kuntchito, mayi aja anandidzudzula mwachifundo kuti uzvar saphika choncho: zipatso amazitsuka, n'kuziika m'madzi, madziwo akangowira pang'ono amaphula mphika, n'kuuvundikira usiku wonse, ndipo uchi amathira atazizira. Nditatsatira zimenezo, magalamu 300 a zipatso anandipatsa malita pafupifupi 2 a chakumwa choyera bwino cha mtundu wa tiyi wopanda mkaka, chonunkhira utsi wa nkhuni chapatalipatali. Fungo limenelo linandikumbutsa khitchini ya agogo anga, ngakhale kuti iwo sanaonepo zipatso zimenezi. Kwa anthu a ku Ukraine, uzvar ndi chakumwa cha chakudya chamadzulo cha tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi, pamene amaika patebulo zakudya 12 zopanda nyama, ndipo amamumwa limodzi ndi kutia, tirigu wophika wothira uchi ndi njere za poppy. Amasiyana ndi kompot, amene kawirikawiri amaphikidwa ndi zipatso zaziwisi ndi shuga n'kusungidwa m'mabotolo aakulu kuti adzamwe m'nyengo yozizira.

Zotsalazo sindichedwa nazo. Mors wa tizipatso tofiira totchedwa klyukva, timene timamera m'madambo a kumpoto, ndi wowawasa mokoma ndipo amene amakonda chakumwa cha chidede adzamukonda, kungoti wa m'katoniyu anachulutsa shuga moti ndinkachita kumusungunula ndi madzi. Kisel waufa anandivuta kumumvetsa, chifukwa ndi madzi a zipatso okhuthalitsidwa ndi ufa wa mbatatesi, ndipo amakhala pakati pa chakumwa ndi phala. Akakhala wotentha amamweka tsiku lozizira, koma akazizira amayala khungu pamwamba, ndipo wa m'paketiyu ankanunkhira ngati switi. Madzi a birch amawakhetsa kumitengo m'miyezi ya March ndi April, chipale chikamasungunuka masamba asanaphuke, ndipo ku Belarus amawakonda kwambiri. Amene ndinagula anali atathiridwa shuga ndi asidi wa mandimu kuti asungike, choncho ndinangomva ngati madzi a shuga okhala ndi kandimu, osati china chilichonse chodabwitsa. Ndikukhulupirira kuti ongokhetsa kumene ndi nkhani ina, koma amenewo safika m'bokosi.

Tarkhun ndi wobiriwira kwambiri moti mwana wanga anayesa kuti ndi mankhwala otsukira mbale. Anayambitsidwa ndi Mitrofan Lagidze mumzinda wa Kutaisi ku Georgia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, pogwiritsa ntchito masamba a chitsamba cha tarragon, ndipo anafalikira m'mabotolo mu Soviet Union yonse kuyambira mu 1981. Kubiriwirako n'kochita kuthira mtundu. Fungo lake ndi la masamba onunkhira ngati mankhwala a chifuwa, ndipo ndinamukonda pa kapu yoyamba yokha. Madzi a Borjomi, ochokeranso ku Georgia, ndi a pakasupe, a mpweya, ndipo amamveka kamchere ndi kachidulo mkamwa. Tsiku loyamba ndinawasiya patheka, koma nditadya nyama yamafuta Lamlungu lina ndinamvetsa chifukwa chake anthu a kumeneko amawaika patebulo la phwando.

Pa nyenyezi 5 ndikupereka 4. Imodzi ndachotsa chifukwa cha kuchedwa kwa katundu, kusowa kwa malangizo ndi kusanena poyera za kamowa ka mu kvas. Kwa amene akufuna kugula, uphungu wanga ndi wakuti ndalama zanu muike pa zimene zili m'firiji ndi pa zipatso zouma, ndipo za pashelefu muyambe mwawerenga kapepala ka zimene zilimo. Ngati n'kotheka pitani nokha kusitolo m'malo moitanitsa, makamaka m'nyengo yotentha, ndipo botolo la kvas wamoyo muliike m'firiji usiku wonse musanalitsegule, kenako mulitsegulire pasinki pang'onopang'ono.

Ine ndaitanitsanso kale kachiwiri, ulendo uno ryazhenka mabotolo 4, kefir 2, zipatso zouma kilogalamu imodzi ndi buledi wakuda wa rye. Bulediyo ndamuduladula n'kumuwotcha mu uvuni mpaka m'mphepete mwake mutada, ndamuviika m'madzi otentha m'botolo la malita 3, ndathiramo shuga, kayisiti pang'ono ndi mphesa zouma zokwana dzanja limodzi, monga anandilangizira mayi aja. Botololo lili pawindo la kukhitchini, lovundikiridwa ndi kansalu, ndipo m'mawa uno mphesa zija zinali zitayamba kukwera pamwamba. Lachinayi tili pa ntchito yausiku limodzi, ndipo tagwirizana kuti ine ndidzabweretsa kvas wangayo, iwo adzabweretsa thobwa limene akuyesa kuphika ndi chimera cha mawere chimene ndinawagawira.