Ma coilover otchipa pa Toyota Altezza RS200: nyenyezi zitatu pa zisanu

Ndemanga iyi ndi ya ma coilover (ma shock omangidwa pamodzi ndi masipuling'i, otha kukweza kapena kutsitsa galimoto) opanda dzina lodziwika, aja ogula pa intaneti, amene ayenda miyezi isanu ndi umodzi pa Altezza RS200 ya magiya a manja kuno ku Mangochi. Galimotoyi ili ndi injini ya 3S-GE ya malita 2.0, magiya 6, ndipo imakankha ndi matayala akumbuyo, n'chifukwa chake anyamata a mpikisano ndi ozunguza galimoto amaikonda. M'bokosi mumabwera ma shock anayi, masipuling'i a 12 kg/mm kutsogolo ndi 8 kg/mm kumbuyo, masipanala awiri okoloweka, ndi kachitsulo pamwamba pa shock iliyonse kamene kamadina ka 32 polimbitsa kapena kufewetsa.

Pa bwalo la phula losalala amagwira ntchito. Galimoto imasiya kupendekera pokhota, mphuno siigwa kwambiri mukaponda mabuleki, chiwongolero chimamva msanga. Zabwino zake zathera pomwepa.

Vuto loyamba ndi kutentha. Oyilo wa mkati mwake ndi wochepa, ndiye dzuwa la Okutobala la kunyanja kuno likaphatikizana ndi kuthamanga mphindi 15 mosapuma, oyiloyo amapyapyala ndipo kumbuyo kumayamba kudumphadumpha. Kudina kachitsulo kaja sikuthandiza kwenikweni: pa 32 ponse, kusintha kumamveka pakati pa 8 ndi 20, kwinako n'kungokometsera bokosi. Yambirani pa 12 kutsogolo ndi 10 kumbuyo, kuwerenga kuchokera kofewa. Mukalimbitsa mpaka kumapeto, tayala limasiya kutsata nthaka pa mabampu ndipo galimoto imaterereka ngakhale ikumveka ngati yolimba.

Lachiwiri ndi mchenga. Ma thread okwezera ndi kutsitsira galimoto ali pamtunda, ndipo mchenga wa misewu yopita kunyanja ukasakanikirana ndi madzi a mvula, mphete zake zimauma gwa. Pa shock imodzi yakumbuyo mphete inakana kutembenuka patatha miyezi inayi. Pakani girisi wa kopa musanamange, muvindikire ndi kansalu kapena chidutswa cha chubu cha njinga yamoto, ndipo muzitsuka ndi burashi mwezi uliwonse.

Pomanga ndi pamene ambiri amaononga ndalama, osati pogula. Mangani mphete ya sipuling'i mpaka igunde, muonjezere mamilimita 5, mukhome ndi mphete inzake, osaigwiranso. Kutalika kwa galimoto kumasinthidwa ndi chitsulo cha pansi pa shock, osati pofinya sipuling'i. Musatsitse kupitirira mamilimita 25 kapena 30. Achimwene, galimoto yogona pansi imakongola pa Facebook, koma ikafika pa mahampu a pa Boma imakhulitsa ekizozi, ndipo mikono yapansi ikapendekera m'mwamba galimoto imakhota moipa kuposa mmene inalili. Mabawuti onse odutsa mu bush ya labala amangidwe komaliza galimoto itaima pa matayala ake. Makaniko akamanga ili pa jeke, labala amapotoka mukaitsitsa ndipo amang'ambika pa masabata ochepa. Manati a matayala ndi 103 Nm. Mukatha zonsezi pitani ku alignment tsiku lomwelo: camber (kupendekera kwa tayala) ya madigiri 1.5 mpaka 2, pamwamba pa tayala polowa mkati, kutsogolo, toe (kumene matayala aloza) ziro kutsogolo, kumbuyo toe-in, kapena kuti kuloza mkati, pang'ono. Mukapanda kutero matayala a 215/45R17 adyeka m'mphepete mwa mkati musanadziwe.

Funso lenileni ndi lakuti kodi ndalama yoyamba ipite apa? Ayi. Altezza inasiya kupangidwa mu 2005, choncho iliyonse imene mungagule lero ndi nkhalamba. Ball joint yapansi kutsogolo ikhale yoyamba kusinthidwa, chifukwa ikazuka tayala limapindikira pansi pa galimoto, ndipo sipuling'i yolimba imaithetsa msanga. Kenako timing belt ndi pampu ya madzi, rediyeta yotsuka bwino, ndi mafuta a mabuleki. DOT 3 yatsopano imawira cha pa 205°C, koma ikamwa chinyezi imatsikira pa 140°C, ndipo m'pamene phazi limalowa mpaka pansi mabuleki osagwira. Ikani DOT 4 kapena DOT 5.1, lita imodzi imakwana kutsuka mapaipi onse, kuyambira tayala lakutali ndi master cylinder (pampu ya mabuleki). DOT 5 ndi ya silikoni, siisakanizidwa ndi zinazi. Za kuwotcherera difu kuti matayala onse akumbuyo azizungulira mofanana musanathamangire, yang'anani kaye, chifukwa ma RS200 ena anabwera kale ndi Torsen LSD, difu yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha likaterereka, ndipo kuwotcherera yoteroyo n'kutaya chinthu chodula.

Amene akufuna mipikisano ya m'misewu yafumbi asagule ma coilover awa n'komwe. Kumeneko galimoto imafuna kukwera, shock yaitali, sipuling'i yofewerapo ndi chitsulo chotchinga sampu. Awa ndi a munthu wozungulira ma cone pa bwalo lotsekedwa Loweruka, amene ali ndi galimoto ina yopitira ku Namwera kapena ku Monkey Bay. Pa mwezi wachisanu ndi chimodzi shock yakutsogolo kumanzere yayamba kunyowa oyilo, ndipo ma seal ake sagulitsidwa paokha.