Misewu yakudoko kuchokera ku Lusaka: wina umadya mabuleki, wina umadya mafuta

Mwana wa alongo anga, amene wangoyamba kumene kuyendetsa thilaki, anandipeza ku Makeni tsiku lina Loweruka ndikumangitsa matayala. Foni ili m'manja, amvekere, "Amalume, taonani mapu aya. Beira ndi pafupi apa. Manje abwana atitumiranji ku Walvis Bay, kutali konse kuja?" Ndinamuyankha kuti mapu a pafoni ali ngati mphasa, zonse zimaoneka zoyalika. Amakuwerengera makilomita koma zitunda ndi mitsetse amakubisira. Zimene ndinamuuza tsikulo ndati ndizilembe pano, poti anzanga ambiri amene mukufuna kugula thilaki kapena kukatenga motoka kudoko mumafunsa funso lomweli.

Tiyambe ndi pamene takhala. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa madzi a nyanja yamchere. Ife sitiona kukwerako chifukwa mzindawu ndi wosalala, ndipo kusalala komweko pamodzi ndi thanthwe lili pansi ndi kumene kumasunga madzi ku Kanyama dzinja lililonse. Koma zoona zake n'zakuti tikukhala padenga. Kumwera ndi kum'mawa kwa Africa kuli ngati mbale yovundikira, pakati pokwera, m'mphepete motsetsereka. Harare ili pa mamita pafupifupi 1,490, Mbeya 1,700, Johannesburg 1,750, ndipo Lilongwe yatsikirako pang'ono pa 1,050. Si Africa yense ali choncho ayi. Kinshasa, ngakhale ili mkati mwa dziko, sifika ndi pa mamita 400 pomwe.

Doko lililonse lili pansi penipeni, pa madzi. Ndiye mamita 1,280 aja uwatsika basi, palibe kozembera. Chimene chimasiyanitsa misewuyi ndi malo amene uwatsikire, ndiponso kuti uwatsika kangati.

Wa ku Chirundu ndiwo mphunzitsi wankhanza. Ukachoka m'tauni n'kudutsa Chilanga ndi Kafue zonse zimayenda bwino, mpaka umayamba kuyimba nyimbo. Ukangosiya mphambano ya ku Livingstone, msewu umayamba kulowa m'mapiri, makona motsatizana, kutsikira m'chigwa cha Zambezi. Chirundu ili pa mamita pafupifupi 400 okha. Ndiye kuti pa ulendo wosakwana makilomita 140 wataya mamita oposa 800, ndipo ambiri mwa iwo umawataya pa kachigawo kochepa. Amene anatcha malo aja kuti Kapiringozi sanali kucheza.

Ine malo amenewo anandiphunzitsa ndili mnyamata. Ndinali nditanyamula katundu wolemera, ndipo ndinalowa mtsetse ndi giya yapamwamba poganiza kuti ndichepetsa kutsogolo. Phazi linakhala pabuleki kona yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Pa yachinayi ndinamva fungo ngati munthu akuwotcha nsapato, ndipo buleki inayamba kufewa. Ndinapeza pokhotera pambali mwa chisomo chabe. Mdala wina wa thanka ya mafuta anaima, anayang'ana utsi ukufuka m'mawilo, n'kungonena kuti, "Mwana wanga, giya imene ungakwerere phiri ndi imene uzitsikira." Sanawonjezerepo kanthu, anakwera n'kumapita. Buleki ikatentha kwambiri imasiya kugwira, ndipo pamtsetse wautali siipeza mpata wozizira. Ntchito yogwira thilaki pamenepo ndi ya injini ndi retarder, chipangizo chochepetsa liwiro popanda kuponda buleki, phazi ndi lothandizira chabe.

Tsono chowawa cha Chirundu n'chakuti kutsika konseko sikukufikitsa kudoko. Ukawoloka mlatho, mbali ya Zimbabwe umayambanso kukwera zomwe watsika zija, kudzera ku Marongora mpaka ku Makuti, injini ikubuula, njovu zili m'mbali mwa msewu. Pofika ku Harare uli pamwamba kuposa pamene unachokera. Ngati ukupita ku Durban, utsikanso ku Beitbridge m'chigwa cha Limpopo, kumene kuli pansi ndi kotentha ngati ku Chirundu komwe. Ukweranso mapiri a Soutpansberg kudzera m'mapanga a msewu asanafike Louis Trichardt, n'kumakwerabe mpaka ku Johannesburg. Kenako utsike komaliza pa N3, ku Van Reenen's Pass ndi Town Hill ya ku Pietermaritzburg. Tawerengani nokha: kutsika katatu, kukwera kawiri, pa makilomita oposa 2,100. Potsika umalipira ndi mabuleki, pokwera umalipira ndi dizilo, ndipo pobwerera zimangosinthana malo.

Apa ndi pamene Kazungula imapambanira, ndipo chifukwa chake chimandisangalatsa nthawi zonse ndikachiganizira. Mtsinje ndi womwewo wa Zambezi. Koma ku Kazungula umauwoloka usanagwe pa Mosi-oa-Tunya, pamene ku Chirundu umauwoloka utagwa kale mamita oposa 100 pamathithi, utadutsa m'zigwembe za Batoka, utatsikanso pa damu la Kariba. Ku Kazungula madzi akadali pamwamba pa mamita 900. Ndiye kuchoka ku Lusaka, chitunda chokha chochititsa kukhala tcheru ndi Munali Hills pakati pa Kafue ndi Mazabuka. Kwinako, ku Monze, Choma, Kalomo, ndi kutsika kosamveka n'komwe. Kale chimene chinkatibweza kumeneko inali pantoni, unkatha kugona masiku pamzere. Mlatho wa mamita 923 unatsegulidwa mu May 2021, wokhota uja, ndipo unasintha nkhani yonse. Ku Botswana, kuchokera ku Kazungula kudutsa Nata mpaka Francistown, dziko ndi lathyathyathya moti mdani wako ndi tulo ndi njovu zausiku. Limpopo nayenso umamuwolokera ku Martin's Drift, kumtunda kwa Beitbridge, asanatsike kwambiri. Njirayi ndi yotalikirapo pang'ono kupita ku Johannesburg, koma ine ndi katundu wolemera ndimasankha imeneyi mosaganiza kawiri. Mtsetse wa N3 wokha ndiwo sungauthawe ngati doko lako ndi Durban. Ubwino wake msewu uja ndi wotakata, ndipo m'malo oopsa anaikamo mabedi a miyala olowetsamo thilaki imene mabuleki akana.

Walvis Bay, doko la ku Namibia kumene mwana uja ankadandaula, ndiyo njira yofatsa kuposa zonse ngati tikukamba za mapiri. Umadutsa Livingstone ndi Sesheke, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Katima Mulilo umene unatsegulidwa mu 2004, kumtunda kwa mathithi komweko. Kuchokera apo mpaka ku Rundu ndi makilomita pafupifupi 500 a msewu wowongoka ngati chingwe. Umakwera pang'onopang'ono cha ku Grootfontein ndi Otjiwarongo, kenako kuchokera ku Karibib ndi Usakos dziko limapendekera kunyanja mofatsa, kudutsa m'chipululu cha Namib, mpaka umangoona nkhungu ya ku Swakopmund ili patsogolo. Palibe malo amene mtima umakhala m'mwamba. Mtengo wake ndi kutalika, makilomita 2,000 ndi kanthu, ndiponso chigawo cha pakati pa Kazungula ndi Sesheke chimene chakhala chikutithyolera masipuling'i zaka zambiri. Kumeneko vuto si phiri koma dambo, dziko lotsika la madzi osefukira limene phula sakhalitsapo.

Dar es Salaam ndi nkhani ina. Anthu amaganiza kuti ukayamba ulendo wakudoko ndiye kuti wayamba kutsika. Pa Great North Road ayi. Kuchokera ku Kapiri Mposhi kudutsa Mkushi, Serenje, Mpika mpaka ku Nakonde, makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Lusaka, msewu ukuyenda pamsana wa dziko, pamene madzi amagawikana, ena kupita ku Luangwa ndi Zambezi, ena ku Chambeshi ndi Congo. N'chifukwa chake milatho ikuluikulu ndi yochepa panjirayi. Kupatula malo ngati Danger Hill kupitirira Mpika, chimene chimatopetsa mbali ya kwathu ndi maenje ndi mzere wa pa Nakonde. Ukalowa mu Tanzania umakwerabe. Ku Mbeya, Makambako ndi Mafinga kumazizira moti mu June bulangete limodzi m'kabini silikwana. Wayenda kale makilomita oposa 1,300 koma uli pamwamba kuposa Lusaka.

Ngongole yonseyo umakaibweza ukapitirira Iringa, pa Kitonga. Msewu umazungulira m'mbali mwa phiri, uku thanthwe uku phompho, mathilaki ali mndandanda ngati nyerere, mabasi akufuna kupitirira pakona. Pansi pake umapezeka m'chigwa cha Ruaha, milambe ponseponse, thukuta kamukamu, jekete lomwe unavala m'mawa ukulikankhira kumbuyo kwa mpando. Zotsalazo ndi kudutsa m'nkhalango ya Mikumi, kumene ukagunda nyama ulipira faindi, kenako Morogoro patsinde pa mapiri a Uluguru, Chalinze, ndi doko. Anzathu a ku Tanzania kamera ya apolisi yoyezera liwiro amaitcha tochi, ndipo m'midzi ya m'mbali mwa msewu 50 ndi 50 ndithu. Kitonga ndi woopsa, koma ndi mmodzi, umamudziwa pamene ali ndipo umamukonzekera. Kwa ine zimenezo n'zopepukirapo kusiyana ndi kukwera ndi kutsika kwa njira ya Chirundu ndi Beitbridge.

Kwa inu okatenga motoka yochokera ku Japan pa Dar, ulendo wanu ndi wokwera, ndiye nkhawa yanu isakhale mabuleki koma kutentha kwa injini. Motokayo yakhala milungu m'sitima, simukuidziwa, ndipo mayeso ake oyamba ndi Kitonga. Onani madzi, mapaipi a rediyeta ndi fani musanachoke ku Morogoro. Musadabwenso mukaona kuti kamotoka kamene kanali kachangu m'mbali mwa nyanja kayamba ulesi kumtunda. Mpweya wa pamwamba ndi wopepuka, ndipo amakaniko amawerengera kuti injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 pa mamita 300 alionse. Pofika ku Lusaka ndiye kuti yataya 12 pa 100 kapena kupitirira pang'ono. Sanakuberereni, ndi dziko lathu.

Nanga Beira ya mwana uja? Sanalakwe, ndi pafupi zedi, makilomita pafupifupi 1,050 kudzera ku Harare, theka la ulendo wa ku Durban. Koma walira mvula walira matope. Njira imeneyo iyamba ndi Kapiringozi ndi Makuti omwe aja, ikawonjezere Christmas Pass polowa mu Mutare, kenako kutsika pa Forbes ndi Machipanda kupita ku Chimoio ndi Inchope. Mathero ake ndi madambo a mtsinje wa Pungwe, otsika moti mvula ikachuluka madzi amafika pamsewu. Namondwe wa Idai mu March 2019 anaudula msewu wa EN6 ndipo Beira inakhala masiku yosafikika pagalimoto. Ilipo njira ina yodzera kwathu kum'mawa, pa Great East Road, kukakhota ku Katete n'kutulukira pa Chanida. Ife a ku Chipata ndi Petauke timaidziwa bwino: ukapitirira Rufunsa pali Manenekela, makona otsikira ku mlatho wa Luangwa wa 1968, kenako kukweranso kupita ku Nyimba. Ukalowa mu Mozambique utsikira ku Tete, kumene Zambezi watsala ndi kutsika mamita osakwana 200 kuti afanane ndi madzi a nyanja. Kutentha kwa ku Tete mu October ndi kwina, matayala amavutika ndipo munthu sugona. Uku wazemba Chirundu, koma chigwa wachipezabe kawiri, cha Luangwa ndi cha Zambezi.

Ndikanakhala mwini thilaki yakale yopanda retarder yodalirika, yonyamula mkuwa kapena katundu wina wolemera, ndikanaitumiza ku Walvis Bay kapena ku Kazungula, ngakhale dizilo apite wambiri. Thilaki yatsopano ndi dalaivala wodziwa mapiri, nyengo ya chilimwe, Beira imabweza ndalama msanga chifukwa maulendo amachuluka pamwezi. Dar ili pakati, ndipo nthawi zambiri amene amaisankha si dalaivala koma sitima imene yabweretsa katunduyo. Ndisaname, kawirikawiri abwana amayang'ana za mizere ya pabodala, misonkho ya msewu ndi mtengo wa padoko, za mapiri amatisiyira ife.

Mwana uja anamvetsera zonsezi akugwedeza mutu, kenako anafunsa kuti nanga iye adzayamba liti kupita ku Beira. Ndinamuuza kuti ayambe wapita ku Walvis Bay kanayi kapena kasanu, azolowere kulemera kwa ngolo kumbuyo kwake. Ulendo wake woyamba wa ku Chirundu ndamulonjeza kuti ndidzakhala pampando wa pambali, ndipo tidzaima pamwamba pa mtsetse kuti agwire yekha mawilo onse asanaike giya yotsikira.