Malo oumbira kumpoto kwa Johannesburg: mawilo ndi abwino, koma ng'anjo inatipweteka

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ziwiri zachokazo ndi chifukwa cha bambo woyang'anira ng'anjo.

Pamalopa mumalipira ndalama ya pamwezi, dongo mumagula nokha thumba la makilogalamu 10, kuwotcha kulipira padera. Mawilo oumbirapo ndi amagetsi, sagwedera, ndipo masinki ali ndi msampha wa matope. Pamenepo palibe dandaulo.

Nkhani ili pa kuwotcha koyamba, kuja amati bisque, mwezi wa June. Bamboyu analowetsa mtsuko wa mtsikana wina wongoyamba kumene, tsinde lake lokhuthala kuposa masentimita awiri, utangokhala pa shelefu masiku anayi okha. Kunja unali mbuu ngati wouma. Koma mpweya wa kuno ku Joni nyengo yachisanu ndi wouma kwambiri, umaumitsa pamwamba msanga mkati mukadali chinyontho. Woumba aliyense amadziwa kuyesa: gunditsani tsinde pa tsaya, likazizira ndiye kuti madzi akadalimo. Iye sanayese. Sanafunditsenso ng'anjo pang'onopang'ono, kuisunga pansi pa madigiri 90 kwa maola angapo kuti chinyontho chituluke. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndiye madzi amawira cha pa madigiri 94, safika pa 100. Bamboyu ankathamangira kuti moto ufike pa 1,000 magetsi asanazime. Mtsuko unaphulika. Potsegula m'mawa mwake, mapale anali mbwee shelefu yonse, makapu asanu ndi atatu atabenthuka milomo, mbale yaikulu ya mayi wina amene anaisema maluwa milungu itatu itagawika pakati.

Chowawa kwambiri ndi zimene ananena pambuyo pake. Analemba pa gulu la WhatsApp kuti mtsikanayo sanakande bwino dongo, mpweya unatsekeredwa mkati. Si zoona zimenezo. Kathumba ka mpweya pakokha sikaphulitsa mbiya youma. Chimaphulitsa ndi nthunzi yosowa potulukira. Amayi athu kumudzi, opanda chida choyezera kutentha, amayanika mbiya pamthunzi masiku ambiri asanaiunjikire nkhuni, chifukwa amadziwa zomwezi. Amene amalowetsa ziwiya mu ng'anjo ndiye woyenera kukana chiwisi. Mwana wa eni anachita manyazi, milungu iwiri osabwera.

Komabe mayi mwini malo anachita zaulemu. Anapepesa, aliyense woonongekeredwa anamupatsa thumba la dongo, ndipo tsopano chiwiya chilichonse chimalembedwa tsiku pa shelefu yowumitsira. Kuwotcha kwachiwiri, kwa glaze (mankhwala opaka amene amasungunuka n'kuwala ngati galasi), pa mlingo wa kutentha wotchedwa cone 6, cha pa madigiri 1,220, amakuchita mosamala ndithu. Mashelefu a mu ng'anjo amapakidwa kiln wash, mankhwala oteteza kuti ziwiya zisamatirire, ndipo chiwiya chimene simunapukute mamilimita asanu kuchokera pansi amakubwezerani, poti glaze ikasungunuka imayenderera n'kumata pa shelefu. Satsegulanso ng'anjo ikadali yotentha, choncho ming'alu ndi yosowa.

Loweruka m'mawa ndiye pokoma. Akalekale amakugwira manja pokhazika dongo pakati pa wilo, amakuuza kuti kapu yomatidwa chogwirira uiphimbe ndi pulasitiki masiku awiri, apo ayi chogwirira chiuma msanga n'kung'ambika polumikizira. Amakumbutsanso kuti stoneware, dongo lowotchedwa pa moto waukulu, imachepa pafupifupi 12 peresenti, ndiye kapu ya masentimita 10 idzatuluka yosakwana 9. Zotsala zonse za dongo zimapita mu ndowa imodzi, n'kukandidwanso mogawana.

Abale ofuna kulembetsa, pitani, koma chokhuthala chilichonse chisiyeni milungu iwiri, ndipo funsani nokha ngati ng'anjo aifunditsa. Bambo uja akadali pomwepo, ndipo mpaka lero sanapepese kwa mtsikanayo.